Maso a Apongozi Anga

Ndisanakwatiwe ku Chiparamba, anzanga anandiopseza kwambiri za apongozi anga aakazi. Ankati, "Ukupita kwa mkazi wa msilikali, yemwenso ndi mphunzitsi. Kumeneko ngakhale nkhuku zimayendera belu." Ndinafika mtima uli m'mwamba, ndipo zina mwa zimene ananenazo ndinazipezadi. Pakhomopo dzuwa silinkatulukira munthu ali pamphasa.

Apongozi aamuna anali atapuma kale usilikali. Anali bambo wofatsa, wosachulutsa mawu, wokonda kukonza njinga za anthu pansi pa mtengo wa mango. Wolamula pakhomo anali amayi. Iwo anayenda ndi amuna awo kampu ndi kampu kwa zaka zambiri, ana asanu akubadwira m'nyumba zosiyanasiyana za boma. Kulikonse kumene ankafika, ankayamba afunsa kuti tchalitchi chili kuti, sukulu ili kuti. Katundu ankamasula pambuyo. Nthawi ina amuna awo anatumizidwa kumalire ndipo anatha miyezi osamveka. Amayi ankasonkhanitsa akazi anzawo a asilikali madzulo akaweruka kusukulu, kupemphera nawo, ndi kuwalembera makalata amene sankadziwa kulemba.

Mmawa uliwonse tisanapite kumunda, Baibulo linkayenda m'manja, aliyense kuwerenga vesi limodzi. Ine sukulu ndinalekezera giredi yachitatu, ndipo zochepa zimene ndinaphunzirazo zinali zitathawa. Tsiku loyamba ndinati mutu ukundipweteka. Lachiwiri ndinathamangira kukhitchini, ati phala likupserera. Lachitatu amayi anangondidumpha, Baibulo n'kupatsira mlamu wanga.

Masana ake tinali awiri pakhonde, tikuswa mtedza. Amayi anati, "Mwananga, zilembo mumazidziwa zingati?"

Ndinaweramitsa mutu. "Pang'ono, amayi."

"Pang'onopo m'pokwanira. Kukampu ndinaphunzitsapo sajeni wandevu zake, amene ankagwira nyuzipepala mozondotsa kuti anzake amuone ngati akuwerenga. Inu simungamupose kuuma mutu."

Anakankha makoko ndi dzanja, n'kuyamba kulemba pansi ndi chala. Tinaphunzira choncho nyengo yonse ya mtedza mpaka mvula yoyamba, mwamuna wanga osadziwa. Tsiku limene ndinawerenga vesi pamaso pa onse, apongozi aamuna anaimirira n'kundimenyera saluti. Amayi anangoti, "Kumapetoko mwathamanga." Koma kapu yanga ya tiyi anandithirira okha tsiku limenelo.

Zaka zinapita. Apongozi aamuna anatisiya, tinakawaika kwawo ku Madzimoyo. Amayi analira maliro awo mokwanira, kenaka anabwerera ku zimene ankachita, kuphunzitsa Sande sukulu, kuyendera odwala, kutsogolera nyimbo pa misonkhano ya amayi a mpingo. Kupita nawo kumsika ku Chipata kunali kutaya tsiku lathunthu. Abambo a imvi zawo ankawaimitsa, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, mwandikumbukira?"

"Ndakukumbukira. Unkakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera, ndipo sunkasamba m'khosi."

Munthuyo ankaseka mpaka misozi, n'kuwanyamulira dengu.

Kenaka maso awo anachita ng'ala. Tinazindikira pamene anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu, ndi kupereka moni kwa mtengo wa papaya, kuuyesa mlendo. Sanadandaule. Baibulo ndinkawawerengera ine, ndipo ndikaphonya mawu ankandikonza, popeza mavesi ambiri anali nawo pamtima. Za chipatala sankafuna kumva. Ana awo anayesa kuwanyengerera, abusa anayesa, koma iwo ankati, "Maso awa aona zokwanira. Ngati Ambuye akuchepetsa nyale, asiyeni achepetse."

Chimene chinawatembenuza mtima ndi khanda. Mwana wanga woyamba, amene amakhala ku Chipata ndi mwamuna wake, anabereka mwana wamkazi, ndipo atalimba anabwera naye kudzamuonetsa. Amayi anamulandira pamiyendo, kumupapasa makutu, mphuno, tizala.

"Wafanana ndi ndani?" anafunsa.

Mwamuna wanga anati wafanana ndi iyeyo. Mlamu wanga anati ayi, ndi malemu bambo enieni. Mayi wa mwanayo anati watengera kuchimuna. Ine ndinati mwana akadali wamng'ono, sanasankhe mbali.

Amayi anamugwedeza mwanayo, kenaka anati, "Anthu inu simudziwa kuyang'ana. Ndipititseni kuchipatalako ndikadzionere ndekha."

Tinadikira mpaka madokotala a maso atabwera pachipatala cha mishoni. Tsiku lopita anavala yunifolomu yawo ya kumpingo, bulauzi yoyera yosita bwino ndi duku, ngakhale tinawauza kuti akafika akavula. Mu galimoto ankaimba motsitsa mawu, dzanja lawo litagwira langa. Sanalisiye mpaka tinafika.

Opaleshoni ya diso limodzi anawachita tsiku lomwelo. Mawa lake nesi anachotsa bandeji ine ndili pambali pa bedi. Amayi anaphethira kangapo, anayang'ana pazenera pamene panali maluwa ofiira, n'kutembenukira kwa ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwananga, mwakalamba liti?"

Nesi anaseka mpaka anakhala pampando. Amayi anapempha galasi, ndipo atadziona anapukusa mutu. "Ndiye nkhalamba iyi mwakhala mukuisunga pakhomo osandiuza?"

Panjira yobwerera ankawerenga mokweza chilichonse cholembedwa, zikwangwani za mashopu, mawu a kumbuyo kwa minibasi. Pagolosale ina anapeza chilembo chosowa, ndipo anafuna kuti dalaivala aime akamuuze mwini wake. Tinachita kuwapempha kuti tidzabwerenso tsiku lina.

Kunyumba tinapeza banja lonse likudikira. Amayi sanalowe n'komwe m'nyumba. Anakhala pakhonde, powala, n'kutambasula manja kuti awapatse mwanayo. Anamuvula kachipewa, n'kumuyang'ana, mwanayonso akuwayang'ana. Tonse tinayandikira, aliyense akuyembekeza kuti mlandu umukomera.

"Nonse mwalephera," anatero. "Mphumi iyi ndi ya amayi anga ondibereka. Palibe mwa inu amene anawaona."

Misozi inatsika m'diso lochiritsidwalo, ndipo ine ndinathamangira kuwapukuta, poopa zimene adokotala anatiuza zoti m'disomo musalowe kanthu. Anandigwira dzanja. "Asiyeni, awa ndi abwino." Kenaka anayambitsa nyimbo yoyamika, ndipo tinaimba tonse pabwalopo, oyandikana nafe akubwera mmodzimmodzi kudzalandira nawo.

Lero zaka zawo zadutsa makumi asanu ndi anayi. Miyendo yafooka, kutchalitchi timawatengera pa galimoto, koma vesi lawo la mmawa amawerenga okha. Mwana uja akuyenda tsopano, ndipo akabwera amawalanda ndodo n'kuthawa nayo. Sabata yathayi ndinawapeza akulowetsa ulusi mu singano, nsalu yabuluu ili pamiyendo. Anati akusoka diresi ya mwanayo yokayambira sukulu. Ndinawauza kuti n'zaka zinayi zikubwerazo, ndipo diresiyo yakula kwambiri.

"Ndikudziwa," anatero, osadzutsa mutu. "Ndaika mpindiro waukulu. Mundigulire mabatani oyera mukapita ku Chipata."