Zipewa Zachikasu za Ana a M'kanema

Ndikukumbukira chaka chimene kanema anafika koyamba kwathu, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Chisankho cha zipani zambiri chinali chitadutsa, ndipo sukulu inali itangokhala yaulere. N'chifukwa chake ine ndinali mu Sitandade 1 ndili kale msinkhu wosenza ndowa yodzaza. Kwathu anthu ambiri anali a chipani chakale chimene chinagonja. Mtundu wachikasu unali wa chipani chatsopano, ndipo masiku amenewo munthu sankauvala mwachisawawa. Amayi anali ndi mpango wa maluwa achikasu umene ankaukonda, koma anaupinda n'kuuika pansi penipeni pa sutikesi.

Mnzanga wapamtima anali Esinati. Pakati pa nyumba yathu ndi yawo panali munda wa mtedza ndi chigafa cha fodya basi. Tinkatola masuku limodzi kuphiri, tinkasewera phada mpaka zala kutuwa. Ine manyazi ndinabadwa nawo, moti munthu wamkulu akandifunsa dzina, ankayankha ndi Esinati. Bambo ake anali mkamwini wochokera kummwera. Nthawi ya kampeni anabwera kuchokera ku Mponela atavala malaya achikasu, n'kudutsa nawo pa mjigo dzuwa lili pamutu. Kuyambira tsiku limenelo anthu ankawapatsa moni wapakamwa pokha. Amayi ake a Esinati, mwana wa m'mudzi momwemo, akafika pamtondo nkhani zinkatha. Kenako kunamveka kuti akangogulitsa fodya, bambowo atenga banja lonse kupita kwawo.

Amayi anandiletsa kupita kwa Esinati. Sanakalipe. Ananena akupeta mphale kuti anthu aja sitikuwadziwanso bwino, kuti mwana amalankhula zilizonse, ndipo nkhani za m'nyumba mwathu zikhoza kukafika kumene sitikufuna. Anati akadzandiona nditadutsa chigafa chija, tsiku limenelo ndidzagona ndi njala. Kusukulu tinkangoyang'anana. Iye ankakhala mbali ina ya mtengo umene tinkaphunzirirapo, ine mbali ina. Fodya anali atayamba kale kufota m'zigafa, ndipo ndinkadziwa kuti akauma, Esinati apita tisanalankhulane.

Pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu pankagwira ntchito mtsikana wa ku Japan. Ankayenda pa njinga yamoto ndipo ankayeza ana sikelo. Azimayi anamupatsa dzina lakuti Nabanda chifukwa lake lenileni linkawakanika. Tsiku lina aphunzitsi athu a Mbewe analengeza kuti Loweruka masana a Nabanda abweretsa kanema wa ana wa kwawo, kulowa kwaulere, ndipo mwana wojomba adzakumba dzenje la zinyalala.

Mawu akuti ulere ndi amene anautsa nkhani. Pa mjigo ena anati a chipani chatsopano akufuna kutiwerenga kuti adziwe midzi imene sinawavotere. Ena anati kuwala kwa kanemayo kumatseka mimba za atsikana, poti mwini wake ndi wa kuchipatala. A Jelemiya, mkulu wa mpingo wathu, anati apita kukaona ndi maso awo kuti Lamulungu akauze anthu zoona. Amayi anati ngati aphunzitsi akukakamiza, iwo apita nane, ndipo akangoona chachilendo titulukamo.

Msewu unali utawonongeka ndi mvula, choncho katundu anabwera pa ngolo. Anamuika m'kalasi ya Sitandade 8, yokhayo imene sinkadontha, ndipo mazenera anawatseka ndi ziguduli za fodya. M'katimo munkanunkha fodya, thukuta ndi utsi wa jenereta imene inkalira kuseri kwa khoma. Wailesi yakanemayo inali yaing'ono, anaikhazika pa mpando, mpandowo pa desiki. Ana anakhala pansi kutsogolo, azimayi cha kukhoma, azibambo anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, malo othawirapo msanga. Ine amayi anandikhazika pakati pa miyendo yawo, dzanja lili paphewa langa. Esinati analowa ndi amayi ake. Ngakhale munali mothinana, pamene anakhala iwo panatsala mpata mbali zonse. Mpata umenewo ndi umene unali pakati pa iye ndi ine.

Kanema atayamba, tinaona kuti sanali anthu enieni. Zinali zojambula ngati za m'buku, koma zikuyenda, zikuphethira, tsitsi likuuluka ndi mphepo. Mayi wina wachikulire anafunsa kuti akuziyendetsa ndani. Wina anati maso akuluakulu amenewo ndi a kadzidzi, osati a mwana wa munthu. Koma mapiri ake anali ngati athu omwe, obiriwira, okhala ndi nkhungu pamwamba, kungoti minda yake inali ya mpunga. Munali atsikana awiri okondana. Ankavula nsapato pakhomo, ankawerama popereka moni, ankadya ndi timitengo, ndipo apa anthu anaseka pang'ono. Kenako atsikanawo anaika chakudya patsogolo pa kamwala kokhala ndi nkhope, m'kanyumba ka m'mbali mwa njira. A Jelemiya anatsokomola n'kunena kuti kachisi uyo, aliyense waona. Azibambo ena a kugule amene anali kumbuyo anaseka, amvekere anthu amenewa ndiye akudziwa kulemekeza makolo awo.

Kenako m'kanemamo kunacha, atsikana aja n'kukonzeka kupita kusukulu. Aliyense anatenga chipewa n'kuvala. Chinali chachikasu. Atatulukira kunjira, anakumana ndi ana ena ambiri, ndipo onse anali ndi zipewa zachikasu, mzere wonse kutsetsereka phiri.

M'kalasi muja munangoti zii, jenereta yokha ikumveka. Kenako kumbuyo kunachokera mawu otsika: "Tinanena ife."

Mitu inatembenukira kwa amayi ake a Esinati. Wina anati afunseni amuna awo, ndi amene aitanitsa zimenezi. Mayiwo anangozolika. Dzanja la amayi linandifinya phewa, ndipo ndinamva akumanga nsalu m'chiuno kuti adzuke.

A Mbewe anaimitsa tepi n'kufunsa a Nabanda za zipewazo. Mtsikanayo anaimirira n'kuyesa Chichewa chake. "Chipewa, galimoto aone mwana patali. Ngozi ayi." A Mbewe anafotokoza kuti kwawoko ana aang'ono a sukulu amavala choncho kuti oyendetsa galimoto aziwaona msanga.

A Jelemiya anakweza dzanja mwaulemu. "Galimoto zake ziti, aphunzitsi? Ifetu taona njira ya mapazi yokhayokha. Ngakhale ngolo sinadutsepo."

Anthu anavomereza ndi mitu. Wina anafunsa kuti mitundu yonse ilipoyi, n'chifukwa chiyani anasankha umenewu. A Nabanda sankamvetsa kuti chalakwika n'chiyani mpaka a Mbewe atawanong'oneza. Mtsikanayo anagwira pakamwa, nkhope itafiira, n'kuyamba kuwerama kangapo. Ena anati mwaona, wavomera. Azibambo angapo anatuluka, koma amene anali panja anayamba kukankhana kuti alowe, moti pakhomo panatsekeka. Amayi anakhalanso pansi. Anauza mayi wa pambali pawo kuti bola aonere mpaka kumapeto, adziwe pamene abisa uthenga wawo.

Tepi inapitirira. Chinenero chake palibe ankachimva. Pansi pankadutsa mawu a Chingerezi, koma ankathamanga kwambiri, ndipo a Mbewe atayesa kumasulira pang'ono anangosiya. Choncho aliyense ankadzimasulira yekha. Tinaona bambo wa mtsikana mmodzi akutseka chitseko pamaso pa mtsikana winayo. Chifukwa chake mpaka lero sindichidziwa. Azibambo anati ndi malire a munda. Mayi wachikulire uja anati ndi ufiti. Amayi analankhula chapansipansi kuti ndi zipani basi. Mtsikanayo anaima panja pa mvula atagwira kaphukusi kamene anabweretsera mnzake, madzi akutsika m'mphepete mwa chipewa. Pamenepo ine sindinafune womasulira. Ndinayang'ana cham'mbali, n'kupeza Esinati akundiyang'ana kale. Anatulutsa gwafa m'thumba la diresi n'kumukunkhuniza pansi pang'onopang'ono. Anadzagunda phazi langa, ine n'kumuphimba ndi diresi. Fungo lake linandifika m'mphuno, ndipo ndinaopa kuti lafikanso kwa amayi.

Chakumapeto, banja la mtsikana mmodzi linamanga katundu. Winayo sanauzidwe. Anadzuka mochedwa, anapeza nyumba ya mnzake yotseka, n'kuyamba kuthamangira kumene kumaima sitima. Anatsetsereka phiri, anagwa, bondo linachubuka. Chipewa chinagwera m'madzi a mpunga ndipo sanachitole. M'kalasi muja munalibenso wolankhula za zipani. Ana aang'ono anaimirira, akulu osawakhazika pansi. Zala za amayi zinalowa m'phewa langa mpaka kuwawa, ndipo ndinawamva akunong'ona pamwamba pa mutu wanga.

"Thamanga, mwana iwe. Thamanga."

Sanamupeze. Anafika sitima itanyamuka, n'kungoona dzanja la mnzake pazenera likunka lichepa. Panalira kanyimbo, kanema n'kutha.

Atachotsa ziguduli, anthu ankaphethira ngati otuluka kudzenje. Ambiri anali okwiya. Ankafunsana kuti ndi kanema wanji wosiya mwana ali chiimire choncho, kodi anthu ake alibe chisoni. A Jelemiya ankapukuta m'maso ndi mpango, akudandaula kuti ziguduli zija zinali ndi fumbi la fodya. Panja mkangano unayambiranso. A Jelemiya anati chimene aona n'chakuti chipewa chija chinagwa m'matope mwana n'kuchisiya, ndiye mwina kanemayu akunyoza achikasuwo. Ena anati ayi, mmenemo ndiye muli kuchenjera kwake. A Nabanda ankapinda mawaya ali okhaokha, ndipo anthu powadutsa ankayang'ana kumbali.

Pobwerera amayi anayenda patsogolo mpaka titawoloka kamtsinje. Kenako anati anthu amenewa ndi ochenjera, amayamba akuliza kuti uiwale zipewa zija. Titayenda pang'ono anawonjeza osandiyang'ana kuti gwafa uja ndidye, angandidetsere diresi.

Sanandimasule tsiku lomwelo. Panapita masiku, ine ndikungoyang'ana fodya akusanduka wofiirira m'chigafa. Ndiye tsiku lina masana anandipatsa mbale ya chimanga chachiwisi chophika, yovundikira ndi mbale inzake. Anati ndikapereke kwa anthu aja, ndidzere kuseri kwa chigafa, ndisakhalitse, ndipo akandifunsa za bambo ndizingoti sindikudziwa. Ndikabwerako ankandikhazika pansi kundifunsa kuti kunali ndani, anandifunsa chiyani, pakhoma anapachika chithunzi cha yani. Kumeneko palibe anandifunsapo kanthu. Bambo ake a Esinati ankangosankha fodya, n'kumaseka kuti mwana wosalankhula uja wabwera. Amayi ndikawauza zimenezi ankati ndiye ochenjerawo amatero. Koma mawa lake mbale ina inkapezeka, ndipo tinasewera phada kuseri kwa chigafa mpaka chimanga chinauma m'munda.

Fodya anagulitsidwa nyengo yozizira itayamba. Tinamva kuti Esinati ndi makolo ake anyamuka mawa lake m'mamawa kukadikira matola kumsewu waukulu, umene unali kataliko ndi mudzi. M'mudzi munalibe amene ananena kuti akawaperekeza, ndipo ine ndinaopa kupempha. Ndinagona ndikuganiza kuti ndikadzuka ndipeza nyumba yotseka. Koma nkhuku zisanatsike, ndinamva dzanja la amayi likundigwedeza.

"Dzuka. Ungachedwe ngati mwana uja."

Anandifunditsa nsalu yawo n'kuyenda nane m'mame. Titayandikira msewu, iwo anaima pa mitengo ya bulugama, anati apa mpokwanira, anthu angawaone. Ine ndinathamanga. Ndinapeza Esinati ndi makolo ake atakhala pa mitolo yawo, galimoto isanabwere. Esinati analankhula zambiri, za kwawo kwa bambo ake kumene amati kuli mango ochuluka, za kuti adzabwera nthawi ya masuku. Ndinangomugwira dzanja mpaka galimoto inafika, ndipo ndinathandiza kukweza mtondo wa amayi ake. Sanabwerenso, ndipo sindidziwa kumene ali lero.

Masiku ano zinthu zinasintha. M'nyumba imodzi mwamuna amavotera kwina, mkazi kwina, madzulo n'kudyera pamodzi. Zojambula zoyenda zija ana amaonera pa sitolo ya pamsika, ndipo palibe amafunsa kuti akuziyendetsa ndani. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma ndikamva anthu akunena kuti mwana wa uje usamasewere naye, ndimakumbukira mpata uja wa m'kalasi. Amayi mpaka pano amati kanema uja anali wa kampeni, ndipo sindilimbana nawo. Mwana wanga woyamba atabadwa, anatsegula sutikesi ija n'kutulutsa mpango wa maluwa achikasu kuti ndizimufunditsa kumutu popita kusikelo. Anafunsa kuti dzina tamupatsa ndani. Nditawauza kuti Esinati, anayang'ana kunja kaye ngati pali wina akumvetsera, kenako anatambasula manja kuti ndiwapatse mwanayo.