Pikapu ya a Chikolopa

Tho. Kenaka zii. Tho.

Make Kachule anayamba kukamva kaphokoso kameneka mwezi umene mwana wake anayamba kukwawa. Pikapu ya amuna ake inkagona pafupi ndi zenera la kuchipinda, poti bwalo la nyumba ya lendi linali laling'ono, ndipo pansi pa injini amunawo ankaikapo chivundikiro cha poto wakale. Magalimoto akangotha pamsewu, oyilo ankamveka akudonthera pachivundikiropo. Mwini galimoto ankaliza mkonono. Womvetsera anali mkazi.

Amunawo madalaivala anzawo amawatchula kuti a Chikolopa. Dzinali analipata ali mnyamata, bambo awo atamwalira, sukulu itawathera panjira. Anayamba kutsuka magalimoto kuseri kwa depoti, ndi ndowa imodzi ndi nsanza ya malaya. Anzawo ankangotsuka pomwe mwini galimoto aziona, koma iwo ankayala katoni, n'kugona chagada, n'kukwecha mpaka kunsi komwe palibe amasuzumirako. Mwini holoselo ina atawaona akuchita zimenezo anawatenga kuti azikweza katundu, kenaka anawaphunzitsa chiwongolero. Anayendetsa malole a eni zaka zambiri. Thukuta la zaka zonsezo ndi limene linasanduka pikapu yoyera, yatsopano, mipando ikadali m'mapulasitiki. Ntchito yake inali kutenga mazira, buledi ndi matumba a zakudya za nkhuku ku holoselo n'kumagawa m'magolosale.

Make Kachule anadziwana nawo mu imodzi mwa magolosale amenewo, momwe ankathandiza kugulitsa atasiyira sukulu Folomu 3. Chimene anayamba kuona mwa iwo si nkhope ayi. Anaona munthu akugwedeza nsapato asanalowe m'galimoto yake yomwe. M'pikapumo simudyedwa kanthu, ngakhale switi. Kachule atabadwa, pochokera kuchipatala, bambo ake anayamba ayala thawulo pampando asanamulandire.

Kachule asanakwanitse chaka, pansi pa pikapu panayamba kuoneka kabanga kakuda. Vuto linali pa sampu, beseni lachitsulo la kunsi kwa injini momwe mumakhala oyilo. A Chikolopa sanade nkhawa. Galimoto inali pa walanti: kampani yomwe inawagulitsa inalonjeza kuti chilichonse chowonongeka chokha idzakonza ulere, bola mita ya makilomita isanadutse pa nambala ina yake. Kugalaja ya kampaniyo anamasula sampu, kupaka guluu watsopano m'mphepete, n'kumanganso. Inakhala youma kwa milungu ingapo, kabanga kaja kanabwerera. Anakamatanso. Kanabwereranso.

Kuchokera pamenepo nkhani inasintha. Mayi wa pa desiki, amene amalandira makiyi, anawafotokozera kuti kumata kwakanika, chatsala n'kusintha sampu yonse. Koma opanga galimoto satumiza sampu yatsopano pokhapokha makaniko wa pagalajapo ajambule yekha pomwe pakudontha. Zithunzi za m'foni mwa mwini galimoto saziwerengera, poti oyilo wa pansi alibe dzina. Ndipo ulendo uliwonse a Chikolopa akapita nayo, yankho linali lomwelo: tayang'ana, ndi youma.

Mita ndiye sinkadikira munthu. Make Kachule ankaidziwa nambala imene walanti idzathere, ndipo m'mawa uliwonse, akamapereka botolo la madzi pawindo, ankaponya diso pamitapo. Amalume ake anali ndi minibasi yomwe inkadontha chonchi, tsiku lina oyilo anathera panjira, injini inanoka. Minibasiyo inakhala pa njerwa mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo, ndipo asuweni ake onse anachoka pasukulu chaka chimenecho. Iye anaziona ndi maso ake. Akamayang'ana Kachule akukwawa, matako ali m'mwamba, m'mutu mwake munkabwera njerwa zija.

Tsiku lopitanso kugalaja, a Chikolopa analawirira monga mwa nthawi zonse. Anayala katoni, n'kulowa kunsi ndi kachitini ka palafini ndi mswachi wakale. Anakwecha sampu, bawuti ndi bawuti, anathira sopo wa ufa, anatsukuluza ndi payipi, anapukuta ndi nsanza youma. Kenaka anakasamba iwo, n'kuvala malaya osita.

"Abambo a Kachule, tiyi wazizira."

"Azizire. Ndikufuna anthu aja aone kuti galimotoyi ili ndi mwini wake. Mnzanga wina anapita ndi yake ili matope okhaokha, anamuuza kuti sasamala, walanti anamukaniza pomwepo. Ine zimenezo ayi."

"Nanga lero akakanenanso kuti ndi youma?"

"Ndikafuna bwana wawo."

"Munatero ulendo watha."

"Ulendo watha kunalibe. Fulumira ngati ukupita nawo, anesi sadikira."

Linali tsiku la jekeseni ya Kachule, ndipo chipatala chili mumsewu womwewo ndi galaja. N'chifukwa chake make Kachule anafika nawo kumeneko koyamba.

M'chipinda chodikirira munali mipando yofewa, wailesi ya kanema yopanda mawu, ndi kuzizira kwa makina komwe Kachule sanakukonde. Atayamba kulira, make anam'bereka n'kutuluka naye, kuwasiya amuna ake atakhala tsonga, chipewa chili pabondo. Anazungulira kuseri kufuna mthunzi, n'kupezeka waima pafupi ndi chitseko chachikulu cha kumene amakonzera. Pikapu yawo anali ataikweza m'mwamba ndi makina. Kunsi kwake kunali makaniko wadazi, tochi ili m'manja, akulankhula ndi mnzake amene anali pa galimoto ina.

"Wabweranso mkwatibwi uja."

"Wasamba?"

"Wadzola ndi mafuta omwe. Tabwera ununkhize, palafini yekhayekha. Pano ukhoza kudyerapo mpunga, mbale osaifuna."

"Ingojambula dazi lakolo, likuonekamo bwinobwino."

Makaniko wadaziyo potembenuka anamuona. "Mayi, kuno ana saloledwa."

"Pepani, bambo. Galimotoyo ndi yathu." Analoza pikapuyo. "Imadontha ndithu. Ine ndimaimva."

"Ndikudziwa kuti imadontha, mayi. Womata ndinali ine. Mlomo wa sampuyi ndi wopindika, guluu sangagwire. Koma ndijambule chiyani? Kadontho kameneka n'kaulesi. Kamafuna injini iyende tsiku lonse, itenthe, kenaka igone. Kanthawi kamene imakhala pano sikangatuluke. Chimene chimatiuza ife ndi litsiro. Oyilo akamatuluka amagwira fumbi, amasiya mzere, ife timautsata mpaka pomwe wayambira. Bambo akunyumba amaufufuta mzerewo m'mawa, n'kubwera kudzatifunsa kuti uli kuti."

"Bwanji osawauza?"

"Makasitomala sitilankhula nawo ife, n'za a pa desiki zimenezo. Iwo amandifunsa, yadontha? Ine ndimati youma. Nkhani yathera pomwepo. Komanso munthu wamkulu ungamuyambe bwanji kuti asiye ukhondo?" Anazimitsa tochi. "Ibwere ndi litsiro la sabata yathunthu, igone kuno. Ndipo musanene kuti mwamva kwa ine."

Pa desiki yankho linali lomwe lija, ndipo bwana anali ku msonkhano. Make Kachule anadikira jekeseni ichitike, Kachule alire, atope, agone pa bere. Ali panjira yobwerera ndi pamene anayamba.

"Abambo a Kachule, ndinene kanthu?"

"Nena."

Ananena zonse, kupatula za mkwatibwi zija. A Chikolopa anangoti maso pamsewu, manja onse pachiwongolero.

"Ndiye unapita kukacheza ndi amakaniko."

"Mwana amalira."

"Kuyambira liti munthu amapita kuchipatala osasamba?"

"Amasamba. Koma Kachule atatsegula m'mimba, anesi anati thewera tibwere nalo momwe lilili. Munalinyamula ndinu, m'jumbo, nkhope mutayang'anitsa kumbali."

Atafika kunyumba a Chikolopa anatsika, n'kuzungulira galimoto, n'kuchotsa ndi chikhadabo kachilombo komwe kanafera pagalasi.

Komabe anayesa. M'mawa mwake ndowa sanaikhudze. Anayenda tsiku lonse, fumbi linakwera m'matayala mpaka m'zitseko, ndipo madzulo anadya msana atalozetsa kuwindo. Tsiku linalo, pa holoselo, madalaivala anzawo anaizungulira pikapu ngati aona chachilendo.

"A Chikolopa, kunyumba kuli bwino?"

"Madzi akudulirani? Nenani, tibweretse m'zigubu."

"Asiyeni akuluwa, alamu awalanda nsanza."

Wina analemba ndi chala pachitseko chakumbuyo kuti NDISAMBITSENI. A Chikolopa anayenda nawo mawuwo m'magolosale onse, ndipo mayi wina wogula mazira anawawerenga mokweza.

Madzulo amenewo make Kachule ali kukhitchini anamva payipi ikulira. Anatuluka ndi mpeni wa anyezi m'manja.

"Pamwamba pokha," anatero a Chikolopa asanafunsidwe. "Zilembozi basi."

Iye anabwerera ku anyezi wake. Kachule atadzuka anakam'tenga, ndipo potulukanso anapeza miyendo yokha ikuoneka kunsi kwa galimoto. Fungo la palafini linali bwalo lonse. Amunawo anatuluka pang'onopang'ono, mswachi uli m'manja, n'kumauyang'ana ngati wina wawagwiritsa.

"Dzanja langopita lokha."

Make Kachule sanakalipe. Si munthu wokalipa. Anawaikira madzi osamba, anawapakulira, anatsuka mbale. Koma m'mawa, popereka botolo pawindo, anayang'ana pa mita nthawi yaitali moti a Chikolopa nawo anayang'anapo.

Loweruka la sabata imeneyo anabwera kunyumba nkhope ili ngwee. Mwini holoselo anali atawapatsa ntchito imene madalaivala onse ankaisirira: kukasiya matumba a zakudya za nkhuku kumafamu akutali, ulendo wogona konko, kupita ndi kubwera mpaka nkhokwe itatha. Anafotokoza akutsuka m'manja, anafotokozanso akudya. Anamunyamula Kachule n'kumuuza kuti am'gulira nsapato zowala akamayenda.

"Kumafamuko n'kutali bwanji?" anafunsa make Kachule.

Anamuuza.

"Ndiye pomaliza mita idzakhala itadutsa."

"Ndizithira oyilo panjira. Chigubu ndili nacho."

"Amalume nawonso chigubu anali nacho."

A Chikolopa anamuika mwana pansi. Anatenga makiyi pamsomali n'kutuluka. Make Kachule ankawaona pawindo. Anagwedeza nsapato, analowa, anatembenuza kiyi pang'ono kuti magetsi a pa mita ayake, injini osailiza. Anakhala momwemo, chitseko chili chotsekula, mwendo umodzi uli panja. Dzuwa linapendeka mpaka mthunzi wa mpanda unafika pa boneti. Ana a nyumba yoyandikana anabwera kudzatola mpira wawo kunsi kwa pikapu, iwo osawathamangitsa. Make Kachule anachapa matewera, anayanika, anasesa pakhonde pomwe panali poyera kale.

A Chikolopa atalowa anakhala pampando wapafupi ndi khomo.

"Amake Kachule, wadazi uja anati sabata yathunthu?"

"Ndi kugona konko."

"Kugona konko." Chiigulire, pikapuyo inali isanagonepo kutali ndi zenera lawo.

"Kuli alonda," anatero mkaziyo.

"Alonda amatsamira magalimoto. Ena amadyerapo."

"Mudzaitsuka ikadzabwera."

"Ndipo akadzajambula n'kunena kuti sindisamala?"

"Amene anaiona kunsi angalumbire kuti mumasamala. Anaipatsa ndi dzina lomwe."

"Dzina lanji?"

"Limenelo simulimva kwa ine."

A Chikolopa anatulutsa foni n'kuimbira mwini holoselo. Anaimirira polankhula, ngati bwanayo ali m'chipindamo. Anathokoza, anapepesa, anati ulendo wa kumafamu aupereke kwa mnzawo wa lole yabuluu, iwo atsala ndi magolosale a m'tauni. Mawu a mbali inayo anamveka akudabwa, a Chikolopa anangoti galimoto ili ndi tsiku lake kugalaja. Atadula anakhala foni ili m'manja, akuipukuta galasi ndi m'mphepete mwa malaya.

Kenaka anamuuza mkazi wawo momwe ziyendere. Sabata yonse azidzera msewu wafumbi wa kuseri kwa msika, kuti mzerewo uoneke bwino. Pa holoselo azikweza katundu m'bandakucha, anzawo asanafike. Akabwera madzulo, iye azituluka kudzawalandira pageti, awalowetse m'nyumba, asawasiye okha pabwalo. Lolemba linalo akaisiya pikapu kugalaja madzulo, injini ikadali yotentha, abwere pa minibasi. Ndipo m'mawa mwake sakakhala m'chipinda cha mipando yofewa. Akapempha a pa desiki kuti awalole kuima pafupi ndi wadaziyo pamene akujambula.