Kalata ya Lusekelo

Ine Kayuni wa ku Misuku, amene ndikayitana munthu amandimva ali m'nkhalango ya Mughese, tsiku limenelo ndinanyamuka pakhomo kutangocha, mwakachetechete ngati mbava. Pambuyo panga panali mwana wanga Lusekelo. Ndikuti mwana, komatu bambo wandevu zake, zaka makumi atatu ndi zinayi.

Mlandu wake unali uwu. Pamsonkhano wa chipani, amayi atayamba nyimbo yotamanda mwini dziko, ng'oma zitalira, iye anatseka makutu ndi manja anthu onse akuona. Tcheyamani anandipatsa masiku atatu: ndibweretse kalata ya dokotala yoti mutu wake suyenda bwino, apo ayi imutenga galimoto ya polisi. Ndipo masiku amenewo wopita ndi galimoto imeneyo sitinkafunsa kuti abwera liti.

Dzuwa litakwera tinapeza lole yonyamula khofi, matambala makumi asanu ndi limodzi munthu mmodzi. Lusekelo anakana kukwera mpaka atagwira thumba lililonse ndi chala. Dalaivala anaseka: "Adada, mwatibweretsera kalaliki?" Msewu wake mukuudziwa inu? Lole imatsetsereka chammbali ngati nkhanu, amayi akuitana Yesu m'zilankhulo zitatu.

Masana tinafika pa Kapoka. Anyamata a malaya ofiira anatchinga msewu ndi nsungwi.

"Iwe wandevu, khadi!"

"Khadi," anabwereza Lusekelo, maso ali pa tayala.

"Ukundinyoza? Tandiyang'ana!"

Ndinatulutsa makhadi athu a chipani onse awiri, n'kumusekerera mwana wosaposa mdzukulu wanga, n'kumutchula bwana. Ine Kayuni!

Pa boma tinafika madzulo, fumbi mpaka m'mano, n'kugona kwa mlamu wanga. M'mawa kuchipatala tinapeza dokotala wamayi wakumwera, wodzacheza, amene amati anaphunzira kunja. Sanamubaye, sanamuyeze. Mafunso basi.

"Anayamba liti kulankhula?"

"Atakwana zaka zisanu ndi chimodzi."

"Ankasewera ndi anzake?"

"Ayi. Ankandandalika miyala yekhayekha."

"Ntchito amagwira?"

Apo ndinatukumuka. "Mayi, kumene timasendera khofi, iye ndiye wosankha. Njere yowola siimudutsa. Funsani Misuku yonse!"

"Nanga inu munkatani akatseka makutu?"

Ndinawauza zoona. Ndinamutemetsa mphini kwa sing'anga kutsidya ku Tanzania. Zitakanika ndinati ndi mwano, ndipo mwano kwathu mankhwala ake ndi ndodo.

Anacheza ndi Lusekelo nthawi yaitali, motsitsa mawu, osamukakamiza kuwayang'ana. Ndinamva mwana wanga akuyankha zinthu zimene ine sindinamufunsepo.

"Bambo Kayuni," anatero, "si misala iyi. Si ufiti, si mwano. Anabadwa choncho, ndipo alipo ena otere. Dzina lake ndi otizimu. Ng'oma imene inu mumavina, kwa iye ili ngati msomali m'khutu."

"Mankhwala ake?"

"Palibe. Ndi kumumvetsa basi."

"Ndiye lembani zomwezo."

Anaika cholembera pansi, n'kutseka chitseko. "Ndikalemba kuti nzeru zake n'zabwinobwino, tcheyamani wanu anena kuti anachita dala. Mawu amene iye angawamve ndi amodzi okha. Mwana ndi wanu, sankhani."

Ndinayang'ana zipsera za mphini m'khosi mwake. Ndinati, "Lembani misala."

Lusekelo, maso ali pakhoma, anati, "Adada, dokotala wati si misala."

Ulendo wonse wobwerera, pa lole ya feteleza, anabwereza mawu amenewo mpaka pa Kapoka.

Tcheyamani anaiwerenga kalatayo pamsonkhano, mokweza, kawiri. Anthu anaseka, polisi sinabwere. Sabata yomweyo kosendera khofi Lusekelo anamuchotsa ntchito, ati ndani angasiye khofi wake m'manja mwa wamisala. Mpaka lero amadzuka m'mawa, kusamba, n'kukaima pachipata chawo kudikira kuti amuitane.

Sukulu ndinalekeza sitandade thu, koma ichi ndalemba ndekha kuti chisafe nane. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinakhala ndi mwana wosamudziwa. Tsiku limene ndinamudziwa ndi lomwelo limene ndinamunamizira, iye akumva.