Manda Opanda Mtanda

Tsikulo kunali mwera. Mphepo inkatithira mchenga m'maso, mabwato onse ali kumtunda, ndipo pamwamba pa mkokomo wa mafunde tinkamva chimakina chogumula cha katapila chikubangula kuchokera kumsika wa paboma. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Sabata yathayi wailesi yakhala ikulira maliro a bambo wina amene anali meya kumzinda. Akuti anagwetsa zisakasa, anayala misewu, anadzala maluwa. Sindikutsutsa. Koma asanapite kumzindako anali wapampando wa khonsolo kwathu kuno ku Nkhotakota, ndipo ntchito yakeyo anaiphunzirira pa ife.

Kuseri kwa nyumba yathu, kupitirira thandala pamene amayi ankayanika chinangwa chonyika cha fungo lowawasa lija, panali mkuyu. Patsinde pake panagona mlongo wanga amene anabadwa atafa kale. Mwana wotere saliridwa. Amaikidwa ndi akazi okhaokha, popanda bokosi kapena mtanda, ndipo amuna sauzidwa malo. Ngakhale abambo sankapadziwa. Ine ndinkangodabwa kuti amayi amasesapo m'mawa uliwonse koma amatiletsa kusewerapo mpira.

Msewu watsopano unalambalala manda a mpingo wathu, poti mitanda imaoneka, koma zikhomo zake zinalunjika pamkuyu. Tsiku la mwera lija, katapila atafika, amayi anaswa mwambo. Anagwada pamaso pa wapampandoyo, pakati pa amuna, nanena zimene mkazi sanena pagulu.

"Bwana, pali mwana wanga apa."

"Nanga mtanda uli kuti, mayi? Aliyense akati pansi pa mtengo wake pali mwana, tauni tikaimange m'nyanja?"

Anthu ake anaseka. Abambo anadziwira pomwepo, limodzi ndi alendo osekawo, pamene mwana wawo anagona. Pofika masana mkuyu unali chagada, mizu m'mwamba. Amayi sanalire. Mpaka tsiku la imfa yawo sanapondepo pamsewuwo. Popita kutchalitchi ankazungulira m'minda ya mpunga, matope mpaka m'mawondo.

Mkazi wanga atamwalira ndinamuika ndi mtanda, ndipo ndimakalambula pamanda ake. Ndi khasu m'manja ndi pamene ndinamvetsa chimene anawalanda amayi, ndipo mkwiyo wanga unakula muukalamba kuposa paubwana. Ulemerero umene akuutama pawailesiwo uli ndi mlongo wanga pansi pake.

Lamulungu lapitali, ndisanakalandire Mgonero, ndinaima paphula pamene panali mkuyu, akabaza akundiimbira mabelu kuti ndipatuke. Kuseka kuja ndikukumvabe. Koma bamboyo ndi anthu ake ndinawakhululukira.