Buku Limene Ababa Ankasuta

Fungo la fodya wa chingambwe likandipeza, ngakhale lero ndili ndi imvi, ndimabwerera kumalaini, nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Masambanjati, m'dzinja limene ndinali mu Sitandade 4. Mvula inkagwa osapumira. Tiyi ankaphuka msanga kuposa manja a othyola, ndipo ababa ankafika madzulo chiguduli chili pamutu, zala zitachita dzanzi, osafuna kumva za munthu mpaka atasuta.

Makoko a chimanga opichirira fodya anali atatha m'malaini monse. Ndiye akhuki a kunyumba kwa bwana anapatsa ababa buku limene ana a bwanayo anataya popita kwawo. Linalibe chikuto, linkanunkha nkhungu, koma mapepala ake anali opyapyala, okoma kupichira. Ine chinandikoka ndi chithunzi cha mtsikana atakwera mbalame yaikulu ngati denga la fakitale. Ndi Chingerezi changa chotsimphina ndinatolatola nkhani yake. Mfumu yoipa inkasandutsa anthu miyala, ndipo mtsikanayo anathawa, kusiya amake, kukafuna belu lodzutsa miyalayo kuseri kwa mapiri. Ndinkafunitsitsa kudziwa ngati anabwerera kwa amake.

Vuto linali lakuti ine ndinkawerenga kuchokera kutsogolo, ababa ankang'amba kuchokera kumbuyo. Iwo mapepala awiri pa tsiku, ine limodzi, nalonso ndikuloza ndi chala liwu ndi liwu. Mtima unkandiwawa ndikaona utsi ukutuluka m'mphuno mwawo. Bukulo ndinalibisa m'denga, analipeza, ndipo khutu langa linalipira mlanduwo.

Sindinagonje. Ku Masambanjati kunali mayi wina amene anali ndi chimanga chosasenda m'nkhokwe. Loweruka lililonse ndinkapita m'matope ofiira aja, kukawatungira madzi ndi kuwatongolera chimanga, malipiro anga n'kukhala makoko. Ndinkasankha ofewa am'kati, kuwadula molingana, n'kuwasunga m'chitini kuti asagwire chinyezi. Chitini chitadzaza ndinagwada n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Iwe Esitere, matuza onsewa chifukwa cha mapepala?"

"Eya, ababa. Musandisutirenso mtsikana wanga."

Anaseka mpaka kutsokomola, koma buku anandisiyira.

Ndinalimbana nalo mpaka mondokwa atayamba kudyedwa. Mawu ovuta ndinkawalemba pasileti kukafunsa aphunzitsi, amene anatopa nane n'kunditcha dzina loti Ndifunseko. Tsiku lina masana ndinafika papepala lomaliza. Mtsikana anali atapeza belu, ataima m'mbali mwa mtsinje waukulu, ndipo chiganizo chinathera pakati. Zotsalazo zinali zitapita kale ndi mphepo.

Ndinawatengera ababa mbatata yophika kumunda ndikulira ndi ukali. Ndinawapeza ali pakati pa tiyi wofika m'chiuno, dengu lili kumsana, madzi akuyenderera m'zigongono. Anamva dandaulo langa manja osaleka kuthyola.

"Nkhaniyo ndinaisuta ine, ili m'chifuwa muno," anatero. "Funsa."

"Anabwerera kwawo?"

Manja aja anaima. Anayang'ana chakum'mawa, kumene mitambo inali itaphimba mapiri.

"Anabwerera. Anawoloka, anapeza amake ali moyo, akupeta mapira pakhomo. Sanamufunse n'komwe kuti anachedweranji. Anangoti khala pansi udye."

"Nanga belu?"

"Pita, akapitawo akuyang'ana kuno."

Ndinabwerera kunyumba nditakwiya kuposa mmene ndinapitira. Ababa sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ndipo m'dziko la mbalame zonyamula anthu mapira akanachokera kuti? Ndinaona ngati andipusitsa kuti ndileke kuwasokosa, ndipo ndinalumbira kuti bukulo ndidzalipeza lathunthu.

Ndinalipezadi, patapita zaka, ndikuphunzira zauphunzitsi. Ndinathamangira kumapeto ndisanakhale n'komwe pansi. Mtsikana uja analiza belu, miyala inadzuka, anamuveka ufumu kutsidya komweko, ndipo za amake wolembayo sanazitchulenso. Pamenepo n'kuti ababa atamwalira, ndipo amayi anali atandiuza zimene ubwana unandibisira. Ababa anathawa ntchito yokakamiza ku Mozambiki ali mnyamata, anawoloka mtsinje wa Ruo kusiya amawo kumudzi, ndipo sanapondekonso, ngakhale uthenga wa maliro a amawowo sunawapeze.

Bukulo ndimalikondabe, ndawerengera ana ambiri. Koma ndikafika pamtsinje paja ndimalitseka, n'kuwauza kuti mtsikanayo anabwerera, anapeza amake akupeta mapira pakhomo.