Usiku wa Zaka Makumi Anayi

Diso langa lamanzere linafa kalekale. Nthambi inandikwapula m'nkhalango ya Mughese ndili pa ntchito yolondera mitengo. Sindinadandaule. Lamanja linandikwanira mpaka zaka za matipati, pamene nalonso linachita ng'ala. Ndinkathyola khofi wakupsa ndi wosapsa pamodzi, mkazi wanga nkumasankha mobisa kuseri kwa nyumba. Nditamupezerera, ndinavomera kupita kuchipatala ku Boma.

Anandichita opaleshoni m'mawa, nkumata disolo ndi bandeji. Anzanga a m'wodi ankayendera diso linalo. Ine ndinalibe lina.

Pa bedi loyandikana nane panagona bambo wina wogwira ntchito ya kasitomu pamalire a dziko, wa ku Mulanje, wothyoka mwendo. Munthu wolongolola. "Mwatandala uli, adada?" anandilonjera, Chitumbuka chake chopindika. Ndinamufunsa nthawi. Anati dzuwa lili paliwombo. Nditayesa kuti tsiku latha, ndinafunsanso.

"Wani koloko sinakwane, adada. Inu mwasamukira dziko lina."

Anali ndi magazini, ndinkamva mapepala. Anayamba kundiwerengera, ati andisangalatse. Kumwambaku, akuti, kuli maiko ena ozungulira dzuwa lomweli. Lina limatembenuka mothamanga, kucha ndi kuda zonse m'maola khumi. Lina ndi laulesi, usiku umodzi miyezi iwiri. Lina linagona cham'mbali, ndipo kunsonga kwake dzuwa likalowa limatha zaka makumi anayi.

"Tambala wa kumeneko amafa asanalire," anatero, nkuseka yekha.

Ine sindinaseke. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo palibe mphunzitsi anandiuzapo kuti usiku ungakane kutha. Ndinkadziwa kuti mdima Mulungu anauikira malire, kulikonse. Tsopano munthu wophunzira akuti kuli malo kumene mwana angabadwe mpaka kumera imvi osaona m'mawa. Ngati analola zimenezo kumeneko, ine ndine yani? Ndinagwira chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri.

"Kumeneko kuli anthu?" ndinafunsa.

"Akuti kulibe."

"Akuti."

"Mwachita mantha, adada?"

"Tsekani bukulo."

Chakudya chinabwera, sindinadye. Ndinkamvetsera mabelu a njinga ndi oitanira minibasi kumsewu, poti bola akumveka ndiye kuti kunja kukadali kowala. Atasiya, ndinatsala ndi mpweya wanga wokha. Sindinapemphere mokweza. M'wodi munali anthu.

Namwino anabwera nkunena kuti kwacha. Sindinamukhulupirire. Anamatula bandeji, ine diso ndili chitsekere.

"Tsegulani, agogo."

"Dikirani."

"Odwala ndi ambiri, agogo."

Ndinatsegula. Kunali utsi woyera, wobaya, ndi chinthu chakuda chikugwedezeka pakati pake.

"Zala zingati?"

"Zitatu."

Zinali ziwiri. Anati utsiwo uchepa pakatha sabata. Unachepadi, ngakhale sunathe wonse.