Amake Levy, Olira Maliro a Eni

Aliyense wa ku Chinyunyu zaka zimenezo ankawadziwa ba Marjory, amake Levy, ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa ku Chipata. Nthochi zawo zinali nthochi basi. Chimene chinawatchukitsa ndi maliro. Kungomveka kuti kwagwa zovuta, kaya n'kwa munthu wa mtundu wa Asoli kaya wa Ansenga, kaya malemuwo sanawaonepo n'kamodzi komwe, iwo ankavundikira nthochi ndi saka, chitenje m'chiuno, ulendo. Kulira kwake, mayo ine! Eni maliro ankachita kutembenuka. Koma wotchera khutu ankamva kuti dzina limene akuitana si la munthu wagona m'bokosimo. Ankaitana Phinias.

Ba Phinias anali amuna awo, munthu wanthabwala wochokera ku Katete. Chaka cha chilala chija, tikudya chimanga chachikasu, awiriwa anakwera lole ya makala kupita ku Lusaka, ndipo loleyo inagubuduka pakona. Ba Phinias anadzuka n'kudzisansa fumbi, ati pachifuwa pokha ndiye pakuwawa pang'ono. Ba Marjory chitsulo chinawang'amba tsaya kuyambira kukhutu mpaka pakamwa.

Ku Lusaka madokotala anasenda khungu la pantchafu n'kulisokera kumaso. Powatulutsa, dokotala analangiza mwamunayo kuti wodwala asaweramire pamoto, asayende padzuwa, agone mutu uli m'mwamba. Koposa zonse asaseke, asalire. Khungulo likangosuntha lisanagwire lidzafa, ndipo ntchito yotere siibwerezedwa.

Ba Phinias anagwira mawuwo ngati a m'Baibulo. Munthu amene ankaseketsa ndi mbuzi zomwe anatseka pakamwa. Ankaphika okha, anzawo akuwajeda kuti adyetsedwa mankhwala, n'kumawamwetsa akazi awo phala ndi kasupuni ka tiyi. Koma chifuwa chija sichinali chapang'ono ayi. Anayamba kulavula magazi kuseri kwa nkhokwe, mobisa. Tsiku limene ankawakweza minibasi yopita kuchipatala cha ku Mpanshya anagwira dzanja la akazi awo.

"Amake Levy, zikavuta musalire, mwamva? Mudzandilira mukachira. Ine ndidikira."

Anabwerako ali m'bokosi.

Abale anafika kuchokera ku Katete, patsogolo pali mlongo wa malemu, ba Catherine, akulira kuyambira kumsewu. Polowa m'nyumba anapeza namfedwa atakhala tsonga pakona, nkhope ili m'mabandeji, ali zii. Mwambo mukuudziwa inu: mkazi wamasiye ndiye amayambitsa, anzake n'kulandira.

"Alamu," anatero ba Catherine mokweza kuti nyumba yonse imve, "mlongo wanga wafa ngati galu kodi? Nkhopeyo mukusungira ndani?"

Ba Marjory anamva kulira kukukwera pakhosi, ulusi ukukoka patsaya. Anafinya mphasa mpaka bango linawalowa m'zikhadabo. Anameza. Ponyamula bokosi anameza, kumanda anamezanso. Zimene anthu ananena sindizibwereza, zina n'zonyansa, ndipo ena mwa onenawo ankadziwa bwino za malangizo a dokotala. Ba Catherine anabwerera kwawo osatsazika.

Nkhope inachira, inachiradi bwino. Kunangotsala kachipsera kodutsa m'mbali mwa khutu, kobisika ndi duku. Dokotala anachita kuitana anzake kuti adzaone, kenako anati, "Tsopano amayi, sekani, lirani, chitani zimene mukufuna."

Ba Marjory atatsika basi yochokera ku Lusaka sanalowe m'nyumba, analunjika kumanda. Anakhala pansi, anatsegula pakamwa, koma kunatuluka mpweya wokha. Maliro salira mmodzi. Pamafunika wokulandira, ndipo olandirawo anali atabalalika kalekale.

M'mawa mwake, akuchapa kumtsinje wochokera pa kasupe wa madzi otentha wa ku Chinyunyu, anawaona amuna awo. Ba Phinias anali ataima tsidya mu nthunzi, atavala jekete lawo la salaula, logula pakaunjika, manja kumbuyo. Sanakwiye, sanaseke, ankangodikira. Ba Marjory anathawa kusiya sopo pamwala. Mawa lake anawapezanso pomwepo, mkuja chimodzimodzi, mpaka mantha anatha n'kutsala chisoni chokha. Munthu uja anali asanalilidwe ndi mkazi wake, nanga akanagona bwanji?

Apa ndi pamene anayamba kubwereka maliro a eni. Pakati pa amayi olira misozi inkabwera, dzina linkatuluka. Koma olandira ankalandira ndi dzina la wakufa wawo, ndipo m'mawa ba Phinias ankakhala ali chiimire mu nthunzi muja. Zinatero zaka ndithu, Levy mpaka anamera ndevu.

Tsiku lina kunamwalira nkhalamba ina ya ku Katete imene inamanga kufupi ndi msewu, ndipo abale ake anabwera pa lole. Ba Marjory analowa m'nyumba ya maliro, anagwada, n'kuyamba monga mwa nthawi zonse.

"Phinias ine! Atate ake Levy ine!"

Pakona panamveka mawu osasa akulandira: "Phinias, mlongo wanga ine!"

Anali ba Catherine, ataonda, imvi zikutulukira m'duku. Sanapatsane moni, sanapepesane. Ankangolandizana, uyu akasiya uyo watola, mpaka amayi onse m'nyumbamo anaisiya nkhalamba yawo n'kulowa m'maliro a munthu amene anaikidwa kalekale. Ba Marjory analira tsaya likutentha, ndipo palibe chinang'ambika.

M'mawa anapita kukachapa. Nthunzi inkakwera monga mwa masiku onse. Anachapa, anatsukuluza, anayanika paudzu, zovala zinauma. Anatenga zoumazo n'kuzichapanso, maso ali tsidya. Dzuwa linafika pamutu, amayi anzawo anatwika mabeseni n'kumapita. Tsidya lija kunalibe munthu.